Vidiyo ya Kwaya Yathu Kuphiri

Lolemba

Ndafika. Minibasi mpaka pa Linthipe, kenako njinga yamoto, kenako miyendo. Kwaya yathu ya ku Lilongwe yandituma ine, mlembi, kudzapeza malo ojambulirapo vidiyo ya nyimbo zathu. Anthu amati mudzi uno uli ndi phiri lokongola. Sananame. Mitondo yaphuka masamba atsopano: ofiira, achikasu, ena ngati wawathira sobo. Pamwamba miyala yotuwa. Ndikugona kwa azakhali anga, a Nachisale. Dongosolo:
1. Kusankha mwala woimapo.
2. Kwaya ifika Lachisanu.
3. Kujambula Loweruka.
4. Kutchuka.

Lachiwiri

Mwala ndaupeza. Wafulati, wokwana anthu makumi atatu, phiri lonse kumbuyo. Uli m'munda mwa bambo wina, a Zakaliya. Ndapita kukapempha. "Mwalawo ndi waulere, bambo," atero, "koma ine ndimaimba besi." Andiimbira pomwepo, khasu lili paphewa. Si besi. Sindikudziwa kuti n'chiyani. Ndavomera.

Lachitatu

Nkhani yafala. Kwaya ya m'mudzi muno yabwera kudzandipatsa moni, atavala kale yunifolomu. Wotsogolera ndi azakhali. "Phiri ndi lathu, ndiye ife tiima kutsogolo. Inu a m'tauni mumaonekera kale tsiku ndi tsiku." Oonekera mu vidiyo pofika pano: a Zakaliya, kwaya ya azakhali, mbuzi ziwiri zomwe sizichoka pamwalapo ngakhale uzigende.

Netiweki imapezeka pachulu chimodzi chokha. Ndakwerapo, ndaimbira a tcheyamani athu kuti ndiwafotokozere mavuto. Ndangoti "zonse zili," foni n'kuduka. Atumiza uthenga: "Mwagwira ntchito."

Lachinayi

Chifunga. Mu Seputembala! Phiri palibe. Wojambula wathu, a Yusufu a ku Dedza boma, abwera kudzaona malo. Ndawalozera kumene kuli phiri. Ayang'ana nthawi yaitali. "Ndikukukhulupirirani," atero. Kukuzizira koopsa. Ndavala juzi ya azakhali, ya maluwa. Palibe waseka, zomwe zikundidetsa nkhawa.

Lachisanu

Kwacha bwino. Mitundu yonse yabwerera, phiri likuwala ngati chitenje chongogula kumene. Tsiku lenileni lojambulira! A Yusufu ali ku mzikiti, ananeneratu.

Kwaya yafika pa lole cha m'ma folo. Mwa anthu makumi atatu abwera khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo a tcheyamani, ena onse ali ku chinkhoswe. Wasopulano alipo mmodzi, ali ndi chimfine. Asoketsa yunifolomu yatsopano osandiuza: yofiira. Ndawaimika pamwala kuti tiyese, ine n'kupita patali. Kukuoneka mitu yokha, ikuyandama m'masamba.

Loweruka

M'mawa utsi. Osaka mbewa ayatsa tchire, moto wakwera phiri, wina ukutsikira ku nkhokwe za a Zakaliya. Tathamanga tonse ndi nthambi zaziwisi, kwaya ziwiri, mu yunifolomu. Wachimfine uja ndiye wazimitsa kuposa aliyense. Nkhokwe zapulumuka. Phiri lili bii. Yunifolomu nazonso.

A Yusufu ajambula zonsezo. "Pozimitsa moto ndiye mumagwirizana," atero.

Masana taimbabe pamwala, maso ali psuu, tikutsokomola. A Zakaliya aima pakati, ayamba ndime yachiwiri ife tikadali pa yoyamba. Kuthokoza kwake n'kumeneku, ife tawapulumutsira chimanga? Azakhali akuti phiri lidzaphukanso chaka chamawa, tidzabwerenso. A tcheyamani sakundiyankhula. Akandifuna akutuma woimba ng'oma.

Lamulungu

Misa yatha. A Yusufu atsegula laputopu pakhonde la azakhali, mudzi wonse wazungulira. Akuti tisadandaule, phiri aikamo la pa kompyuta. Aikamodi. Lalitali, loyera mbee pamwamba, pansi pake ng'ombe zonenepa zovala mabelu. Dziko lake sakulidziwa. Kutsogolo kwake ife, akuda ndi mwaye, tikuimba za kukongola kwa chilengedwe.

Anthu aomba m'manja. A tcheyamani ayankhula koyamba: "Ili ndiye phiri."

Azakhali ayandikira, ayang'anitsitsa. "Kumeneko n'kuti? Ulendo wina tikajambulire kumeneko. Apite munthu akaone malo."

Onse atembenuka kuyang'ana ine.

Ndakwera lole, ndakhala pa thumba la kachewere, ndatseka maso.