Khoma lovina la chinkhoswe cha Esinati

Lolemba
Foni iwe, wayamba kujambula mawu? Eya. Lero ndaona zodabwitsa mugolosale ya a Saidi pa Tsangano. Pepala lili pakhoma, mizere yakuda ndi yoyera basi, mulibe munthu, mulibe nyama. Koma ukaliyang'ana, mizere ikuyenda! Ndagwira ndi chala, ili phee. Ndachotsa chala, yayambanso. Akuti mwana wawo wa ku koleji anajambula akumvera nyimbo, "ndiye nyimboyo inatsalira momwemo, mayi." Mwana wamutu ameneyo! Loweruka kuli chinkhoswe cha Esinati wanga. Akuchimuna a ku Biriwiri adzapeze khoma langa likuvina.

Lachiwiri
Zofunika: mtsiro, dothi loyera, nthenga za nkhuku, mabatire a wayilesi. Ndazira khoma lonse lakumaso. Kuzira ndiye ndimatha, kafunseni.

Lachitatu
Ndikulemba mizere motsata wayilesi. Ikaimba kwaya, mizere yaitali. Gitala, timabokosi. Kenako alowetsa mauthenga a maliro, dzanja langotsetsereka. Ndabwerera m'mbuyo, ndayang'ana. Silikuyenda. Abambo a Esinati akuti, "Mwayamba kulima mbatatesi pakhoma?" Ndazira pamwamba pake, ndiyambirenso.

Lachinayi
Ndapitanso kugolosale, ati kukagula machesi. Ndaima mpaka a Saidi andipatsa mpando. Ndachiona chinsinsi: mizere imanka iwonda ikamalowa pakati, ngati madzi mumtsuko ukautakasa. Ayi, mwana uja ndi katswiri. Ndaziranso kachitatu. Nkhungu yakunoyi, dothi silikuuma.

Lachisanu
A Nangozo oyandikana nawo akuti, "Likuyenda, mnzanga, ndi mtengo uwonso." Akuchokera kumowa, umboni wawo sindiuwerengera. Ndazira kachinayi. Inde ndikudziwa, sazira pamwamba pa chonyowa, ine ndemwe ndimawauza anzanga. Nanga nditani, mawa ndi mawa. Dothi lanenepa ngati chikhatho.

Loweruka
Abwera! Ankhoswe asinthana nkhuku bwinobwino. Amayi ake a mkamwini ndawakhazika pakhonde penipeni, aone pafupi. Akuti, "Mwazira mokongola," maso ali kwina. Ndiye amalume a Esinati ayambitsa ngoma, amuna asanu ndi awiri kuponda pansi limodzi, di! di! Nthaka kunjenjemera. A Nangozo akuwa, "Likuyenda!" lero asanalawe kanthu. Ndacheuka. Dothi lonse likutsika pang'onopang'ono, mizere ikupindika, ikuwonda, ikuzungulira, ndendende pepala lija! Kukongola kwake! Ndaiwala kukuwa kuti mayi thawani.

Lamulungu
Ukwati sunathe, Mulungu ngwabwino. Chitenje cha amayi ake a mkamwini ndachichapa kawiri, chili pachingwe, duku sitinalipeze. Esinati sakundiyankhula. Khoma latsala njerwa zokhazokha, abambo a Esinati akuti lisakhudzidwenso mpaka dzuwa la Okutobala. Chabwino. Langa linavina kamodzi n'kugwera mlendo. La mwana uja likuvina tsiku lililonse, silinadetsepo munthu. Mawa ndikagulanso machesi. Zimitsa, foni iwe.