Mauvuni Atatu ndi Chinkhoswe cha Esinati

Lolemba, tchuthi cha Ogasiti

Kalata ya amayi yafika kuchokera ku Ntcheu. Chinkhoswe cha mng'ono wanga Esinati chili Lamulungu likudzali. Kumunsi kwenikweni, atatha kupereka moni wa aliyense mpaka mbuzi, alemba kuti: "Azakhali ako akufunsa ngati ku Mangochi ukukhalako kuli nyanja, poti zaka ziwiri zatha sitinaoneko ngakhale munga wa nsomba."

Ine amene. Mwana woyamba m'mudzi mwathu kuvala mkanjo wa digiri ku Zomba, mphunzitsi wa masamu kusekondale, lero ndikupimidwa ndi munga. Ndathamangira kupositi ndi mkwiyo ndipo ndatumiza telegalamu: CHAMBO MADAZENI ATATU NDIWAMBA NDEKHA. Mawu awiri omalizawo sanali ofunika. Ndawalipiranso.

Chatsala n'kusankha powambira. Ndafufuza monga munthu wophunzira:

1. Dzenje. Ndi la Abiti Saidi, mayi wachikulire wa kuseri kwa mpanda wanga, amene amawamba nsomba zogulitsa. Dzenje, waya, lata ladzimbiri lovindikira, basi. Mtengo: ulere. Zolowamo: khumi ndi ziwiri. Ulemu: palibe.
2. Mgolo. Che Amidu, wokhoma zidebe pamsika, akuti auboola n'kuikamo mawaya. Mtengo: wa nsapato zomwe ndimafuna kuvala pachinkhoswepo.
3. Uvuni wa njerwa, wojambulidwa pa kapepala ka alangizi a zansomba. Madazeni asanu nthawi imodzi. Pachithunzipo mayi wake akumwetulira.

Abiti andipeza ndikuyeza dzenje lawo ndi rula ya m'kalasi. "Aphunzitsi, mukamaliza kuliyeza mulibwezere pomwe munalipeza."

Lachiwiri

Mgolo wabwera pa njinga. Ndafunsa zomwe unkasunga kale. Che Amidu agwira pamtima: "Walahi, madzi okhaokha, amadamu."

Masamu anga akuti mulowa nsomba makumi anayi. Utali, m'mimba mwake, kuchulukitsa, kugawa, zonse zili bwino, nditadzichonga ndingadzipatse zonse. Chomwe sanandiphunzitse ku Zomba n'chakuti nsomba sasanjikiza ngati makope. Iliyonse ikang'ambidwa imafuna kugona chotambalala payokha, ngati bwana m'basi. Mawaya awiri, waya aliyense zisanu ndi imodzi. Khumi ndi ziwiri. Ndagula ndi nsapato zanga chomwe dzenje limachita ulere.

Ndayesa ndi dazeni imodzi. Kunja zapsa, m'kati zikadali ndi maganizo obwerera kunyanja. Fungo lake lili ngati pa depoti ya mabasi. Madzi a Che Amidu aja ndi amene amayendetsa malole.

Mphaka wa aHedi a sukulu yathu wanunkhiza, wandiyang'ana, wapita.

Abiti, pamwamba pa mpanda: "Musataye izo. Palafini wasowa m'sitolo, muziyatsira nyale."

Lachitatu

Mgolo ndautembenuza, tsopano ndi mpando.

Lero n'zomangamanga. Njerwa ndatola kuseri kwa sukulu, pomwe panayenera kukhala chimbudzi cha atsikana chaka chomwe ndinafika. Matope ndaponda ndekha, chitenje m'chiuno. Mawaya ndazula mumgolo muja, ena awiri ndabwereka pa khola la nkhuku la aHedi, nkhukuzo zitavomera.

Zotsatira:
– uvuni umodzi, wopendekera pang'ono chakunyanja;
– zikhadabo zitatu zothyoka;
– msana wa munthu wina wachikulire, sindikudziwa waufikitsa ndani m'thupi mwanga.

Kapepala kakuti uvuni uume sabata yathunthu usanaone moto. Kanalembedwa ndi munthu wopanda azakhali. Basi ya ku Ntcheu ndi Loweruka.

Abiti auzungulira kawiri, manja kumbuyo, ngati woyendera sukulu. Kenako abwerera kwawo. Ndikanakonda akanatukwana.

Lachinayi

Kudoko m'mawa. Zikuluzikulu yatenga kale galimoto ya kuhotela ku Makokola, azungu nawo ali ndi azakhali awo. Ndapeza madazeni atatu a chambo chapakatikati. Kupala mamba, kung'amba, kutsuka, mchere. Zonse zalowa mu uvuni, malo n'kutsalako. Kapepala sikananame. Ndinatsala pang'ono kumwetulira ngati mayi wa pachithunzi.

Kenako moto. Nkhuni zaziwisi, matope aawisi. Utsi wake, ndikhulupirira a ku Lungwena tsidya linalo aona n'kuyamba kusonkha za chipepeso.

Apa ndaphunzira lamulo lomwe kapepala sikanalembe. Kuno wogwira chingwe cha khoka, ngakhale ndi chala chimodzi, sabwerera chimanjamanja. Ndimayesa zimathera kudoko. Ayi ndithu, zimafika mpaka kuseri kwa nyumba ya munthu. Ondithandiza lero:

– aHedi, odzaona mawaya a nkhuku zawo, atembenuza nsomba imodzi: zitatu;
– akazi awo, padera, ngati sakudziwana: ziwiri;
– mlonda wa sukulu, wauzira moto womwe unali kuyaka kale: imodzi;
– amayi awiri opita kuchigayo, anditchula "mwana wathu": ziwiri;
– Che Amidu, odzafunsa ngati mgolo ukugwira bwino ntchito: ziwiri. Akhalanso pa mgolo womwewo.

Potsiriza Mayi Tcheya a chipani m'dera lino, atavala nsalu yake kuyambira kumutu. Sanatembenuze kanthu, maudindo ena sagwira waya. "Sabata yamawa kukubwera alendo akuluakulu, ndiye mphatso ya amayi ikuperewera. Taona utsi tati Mulungu wayankha." Dazeni yathunthu.

Ndapereka ndi mtima wonse. Ndibwereze, kuti aliyense wotola kope lino awerenge bwino: ndi mtima wonse.

Pochoka: "Mawa eyiti koloko kubwalo, kuyeserera gule. A digiri nanunso miyendo muli nayo."

Zatsala khumi ndi zinayi, zosauma bwino, zikufuna moto wina mawa. Tsiku lonseli Abiti amawamba zawo kuseri, kautsi kake kochepa ngati ka ndudu. Sanalandire mlendo ngakhale mmodzi.

Lachisanu

Uvuni wakhala pansi. Khoma la kunyanja lija lamaliza ulendo wake. Mwamwayi nsomba zinagona m'nyumba.

Ndathamangira kudoko kuti ndigule zina. Mwera. Nyanja yachita thovu, mabwato onse ali pamchenga, asodzi akusoka maukonde ndi kuseka tsitsi langa. Pamsika zowamba kale amalonda a ku Limbe akokolola dzulo. Kwatsala usipa. Telegalamu sinanene usipa.

Nthawi ikuthamangira eyiti. Ndanyamula beseni, ndazungulira mpanda, ndagwada. Digiri yagwada nane.

Abiti kugule sapita, ali ndi bondo lomwe limatupa masiku a gule okhaokha. Awerenga nsomba ndi chibwano. "Dzenje langa munaliyeza nokha, aphunzitsi. Khumi ndi ziwiri. Ziwirizi zilibe pogona." Zapeza pogona mumphika mwawo. Masamu awa ndiwo oona, sindinatsutse.

Kubwalo fumbi, dzuwa, nyimbo imodzimodzi maulendo osawerengeka. Mayi Tcheya akuti ndimavina ngati ndikufufuta bolodi. Ndavina mosangalala. Onani Lachinayi.

Ndabwerako madzulo miyendo ili ya eni. Nsomba zili pa lichero, zofiirira bwino, zouma, zonyezimira, fungo lake loti munthu n'kuulula zomwe sanafunsidwe. Ndafunsa chinsinsi, pensulo m'manja.

"Zitsononkho za chimanga, moto wochepa, ndi kukhala pansi. Inu simukhala pansi."

Ndalemba. Sindikudziwa ndidzaziika mu fomula iti.

Loweruka

Dengu ndinagula Lolemba, la madazeni atatu. Nsomba khumi ndi ziwiri zikuoneka ngati ana ochepa m'kalasi tsiku la mvula. Pafunika zokulungira kuti dengu lidzaze. Ndatenga nyuzipepala zakale. Patsamba loyamba pali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chomwe munthu sakulungira nsomba. Lachiwiri chimodzimodzi. Lamasewera, chomwecho, akupereka chikho. Ndazibweza mwaulemu pa shelefu, ndatenga mapepala a mayeso a Fomu 2. Koyamba chaka chino agwira ntchito yooneka.

Padepoti khadi la chipani ndaonetsa, tikiti ndadula. Kondakitala akuti dengu likwere pamwamba, pamodzi ndi njinga ndi bedi la wina. Ndakana. Wanunkhiza. "Izi n'za kwa Abiti Saidi izi." Imodzi yatsikira m'thumba lake, dengu lakhala pamiyendo panga. Khumi ndi imodzi.

Pakati pa Liwonde ndi Balaka ndamaliza kafukufuku:

1. Mgolo: wabwino kukhalira.
2. Uvuni wa njerwa: umalowa zambiri, umatulutsa zochepa. Woyenera munthu wopanda anansi, wopanda aHedi, wokhala pachilumba.
3. Dzenje: lapambana. Koma siligulitsidwa palokha, limabwera ndi Abiti.

Lamulungu, ku Ntcheu

Kukuzizira. Esinati wakongola, mwamuna wake ali ndi makutu aakulu koma ulemu ali nawo.

Azakhali atsegula dengu pamaso pa amayi onse kukhitchini. Achotsa pepala, achotsa lina, awerengako mayeso a mwana wina amene anapeza atatu pa zana. Kenako nsomba, imodziimodzi, mokweza.

"Dazeni ya ku Zomba imathera pa khumi ndi imodzi?"

Zonse zapita kwa ankhoswe a kuchimuna ndi akuluakulu. Ine ndadya nyemba. Koma mbale zabwerako zopanda ngakhale mutu, ndipo amalume a mkamwini atumiza mawu kuti chambo chotere sanadyepo chibadwire. Azakhali anyambita chala, andiyang'ana nthawi yaitali.

"Wawamba wekha?"

Amayi akundiyang'ana. Esinati akundiyang'ana. Pakamwa panga, pomwe panandigulira kale telegalamu, patseguka pokha: "Ndekha, azakhali. Ndili ndi mauvuni atatu."

Nthungululu. Azakhali alengeza pompo kuti sukulu ya mwanayu sinapite pachabe, ndipo paukwati ndiwo zonse za alendo ndi zanga. Madazeni khumi. Amayi alira ndi chimwemwe.

Ukwatiwo aupanga Disembala, mwezi womwe chambo n'choletsedwa kugwira.

Sindinawauze. Ndangopempha thumba la mbatata ya kachewere, lalikulu, loti ndikatule kwa Abiti Saidi.