Pulinta Imene Ndinagula ku Balaka Chifukwa cha Che Bwanali

Inu amene mukuti pulinta pakhomo ilibe ntchito masiku ano a mafoni, khalani pansi kaye, chifukwa nonsenu simunagulepo, mumangomva za m'maluwa. Ine ndinagula. Ndipo musandiyang'ane ngati ndikupeka. Ine Abiti Jafali wa ku Nselema sukulu ndinailekera pakhomo pa kalasi yoyamba, koma mpaka lero ndikhoza kukutchulirani amene anabwereka mphika wanga chaka cha njala n'kuubweza wopanda chivundikiro. Mutu wodzaza chonchi ulibe malo osungira bodza.

Nkhani inali ukwati wa mdzukulu wanga Asiyatu. Mwamuna anapezeka, Yusufu, telala wa pamsika pathu pompano, munthu wopanda chifukwa. Tsiku la nikaha tinapangana, ashehe anavomera. Otsala anali ankhoswe a kuchimuna, amalume ake a Yusufuyo, Che Bwanali, msodzi wakale wa ku Chiuta, kupitirira Ngokwe. Anawo anawatumizira uthenga pa foni monga achitira masiku ano. Che Bwanali anabweza mawu akuti pa foni amaitanirapo wakabaza, iwo si wakabaza, ndipo popanda kalata yogwira ndi manja ku Nselema sapondako. Mukudziwa nokha kuti ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi chabe. Asiyatu anasiya kudya. Kunatsala masiku asanu ndi anayi.

"Anganga, tingokapulintitsa pamsikapa," anatero mwanayo.

"Iyayi. Kuti msika wonse udziwe kuti akutivuta? Za pakhomo zipulintidwa pakhomo."

Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ulendo wa ku Balaka.

M'sitolomo munali mayi wina wa magalasi amene anandiyalira mapulinta atatu n'kuyamba Chingerezi. Ndinamuuza asunge Chingerezi chakecho, ine ndasankha mbuzi pamsika zaka makumi anayi, ndipo chilichonse chokhala ndi pakamwa ndi mimba chimasankhidwa mofanana: uyang'ane m'kamwa, ugwire mimba, ufunse chimene chimadya. Mtengo umafunsa pomaliza.

Yoyamba inali kakang'ono, kosalala, kotchipa mochititsa manyazi. Ndinakayasamitsa, m'katimo muli timabokosi tiwiri ta inki tonga ta machesi, ndipo ndinadziwiratu kuti iyi ndi mbuzi ija amakugulitsa motchipa chifukwa imadya mpunga wokhawokha. Walahi, atangokayatsa, kanayamwa inki ya bolopeni imene inali m'thumba la mayi uja, kanayamwa masiku onse pa kalendala mpaka mwezi unatsala wopanda Lachisanu, kanayamwa dzina la sitolo pakhoma panja, moti anthu odutsa anayamba kulowa kudzafunsa ngati nyumbayo ikuchititsidwa lendi. Mukumva? Mayiyo anavomera yekha kuti kakangogona milungu ingapo osagwira ntchito, inki imauma, ukagulenso ina.

Yachiwiri inali chimphona chodya ufa wakuda m'malo mwa inki, ufa wosauma ngakhale chigone chaka. Ndinachikonda, sindibisa. Koma atachiyatsa, magetsi a Balaka yense anaphethira, zigayo zinaima chimanga chili pakhosi, ometa anasiya anthu mitu ili theka, sitima imene inkalowa pa siteshoni inabwerera chafutambuyo mpaka ku Nkaya, chonsecho sitimayo siyendera magetsi n'komwe, inangochita mantha. Kasola kanga ka padenga kakanafa tsiku lomwelo.

Yachitatu inali ndi timatanki tinayi pambali, inki yothira ngati mafuta ophikira, ukuona ndi maso ako pamene yalekezera. Chinthu chosabisa mimba yake ine ndimachikhulupirira. Ndinatenga imeneyo.

Kondakitala wa minibasi ankafuna kuiika kumbuyo pamodzi ndi madengu a nsomba. Ndinakana. Ndinapota nkhata, ndinasenza, ndinauyamba wapansi, ndinaidutsa minibasi yomweyo pa mlatho wa ku Liwonde, pa Ntaja ndinagula zitumbuwa osatula katundu, ndinafika kwathu, ndinaswali, ndinamwa tiyi, m'pamene minibasi ija ikutulukira ndi fumbi lake. Kondakitalayo alipo, mpaka lero sandiyang'ana kumaso.

Asiyatu analemba kalatayo m'foni mwake, pakuti pulintayi imamva kuchokera ku foni popanda chingwe, ndipo ichi chokha mukhoza kukafunsa kulikonse. Ine ndinati imodzi. Koma chala cha munthu wosadya chimanjenjemera, ndiye pa nambala ya makalata paja sindidziwa anadina kangati. Inayamba. Inalavula makalata mpaka mapepala onse anatha, inameza nyuzi zakale zimene tinamatira pakhoma, inameza masamba a nthochi, ndinaiponyera thonje lochokera kumunda lisanachotsedwe njere, inalipota yokha m'mimba n'kutulutsa pepala mbali ino, njere mbali iyo, nkhuku zikutola. Mukumva? Unali mwezi wotentha, wa akamvuluvulu. Mphepo inalowa pazenera, inanyamula makalata aja, msewu wa ku Ngokwe unayera ngati pachita maluwa, amalonda pamsika anakulungira mandasi masiku atatu osagula pepala, asodzi ku Chiuta anakoka makoka odzaza makalata, milamba inayamba kutuluka yokha m'madzi kufunsa njira ya ku Nselema, ndipo tsidya lija ku Mozambiki anthu amene sitinawaonepo chibadwire anayamba kumata mabwato ndi kusita zovala.

Dziko lonse linaitanidwa. Che Bwanali okha anatenga tsache n'kusesa pabwalo pawo. Mawu anabwera ndi mayi wina wogula nsomba: akuti chobwera ndi mphepo ndi zinyalala.

Kunatsala masiku atatu, ndipo pulinta inali itasasa mawu. Zilembo zinkatuluka zodukaduka ngati mano a nkhalamba. Asiyatu anadina penapake, akuti kuitsuka pakhosi, n'kutuluka panja kukalira kuseri kwa khitchini. Inatsokomola kawiri, kenaka inatulutsa pepala limodzi lokongola kuposa onse aja, mizere yakuda, yofiira, yachikasu, yobiriwira ngati kumwamba, yoyalana bwino ngati mizere ya m'munda wa munthu wakhama. Ndinati iyi ndiyo ya munthu wamkulu. Ndinaipinda, ndinaiika mu envelopu, ndinavala chitenje changa cha pa Idi, ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Ngokwe. Kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi, ndipo ulendo uno sindinadutse aliyense. Miyendo inatupa.

Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Ndinapereka salamu, ndinakhala pansi, ndinapereka envelopu ija ndi manja awiri. Anapukuta manja pa malaya, anaitsegula, anaiyang'ana nthawi yaitali, kuchokera pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedezeka.

"Mwabwera nokha, Abiti Jafali?"

"Ndabwera ndekha, Che Bwanali."

"Ndi miyendo imeneyi?"

"Ina ndilibe."

Anayang'ananso pepala lija. "Yalembedwa mwaulemu. Maso ndiwo atha. Akuti tsiku lanji apa?"

"Loweruka likubwerali."

"Ndaona. Loweruka."

Anabwera, atavala mkanjo woyera, kalata ili m'thumba la pamtima. Anakhala pamalo pawo, anamulandira Asiyatu m'dzina la banja lawo, nikaha inamangidwa. Za anthu a ku Mozambiki ndi mpunga umene anadya ndisanene, mungati ndikuwonjeza.

Ndiye mukandifunsa ngati pulinta ikufunikabe pakhomo, ndikuti eya, gulani ya matanki, ndipo muziidzutsa mlungu uliwonse ingaume pakhosi. Ine ndi mboni. Chimodzi chokha ndivomere, poti mwakhala mpaka pano. Patapita mwezi tinapita kukathokoza ku Chiuta, ndipo Asiyatu anaona kalata ija itakhomedwa pakhoma, pamwamba pa mpando wa Che Bwanali, pamene alendo onse amaionera. Anandikokera panja.

"Anganga, mukudziwa chimene munapereka?"

Akuti mulibe dzina, mulibe tsiku, mulibe ngakhale moni. Akuti ndi pepala limene pulinta imayesera mitundu yake ikatha kutsukidwa.

Likadali pomwepo. Ine sindiwerenga, Che Bwanali sawerenga, ndipo Asiyatu, amene amawerenga, ali ndi ana awiri tsopano, amadziwa kutseka pakamwa.