Gadiyani wa a Nambala 14

M'chaka chimene mlatho unakokoloka kachitatu, mudzi wina, umene sitiutchula dzina poopa kuchititsa nsanje midzi inzake, unalandira chitukuko. Chitukukocho chinali mbewa makumi anayi zoyera mbee, ndipo zinafika pagalimoto yozizira m'kati.

Akatswiri amene anazibweretsa anati akufuna kuona ngati mafuta a nsomba amalimbitsa asilikali a m'thupi mpaka kuteteza mbewa ku khansa ya m'mawere. Theka la mbewazo lizimwa mafutawo, theka linalo lizingodya gaga. Anthu a m'mudzimo, amene chibadwire ankangodziwa mbewa yapampani yothira mchere, anaomba m'manja posowa chochita china.

Tsiku lomwelo panasankhidwa komiti. Bambo Lufeyo Kamtedza, amene dzulo lake ankamata machubu a njinga pamsika, anadzuka ali Wapampando Wamkulu wa Komiti Yoona za Umoyo, Ulemu ndi Mawere a Mbewa. Iwo analamula kuti mbewa iliyonse izitchulidwa mwaulemu, ikhale ndi khadi ya zidindo zitatu, komanso ikhale ndi gadiyani monga wodwala aliyense wolongosoka. Ikatuluka chotupa, galimoto ya Pulojekiti ya akatswiriwo izibwera kudzaitenga pamodzi ndi gadiyani wake, ikaunikidwe kutauni.

Pa zonsezo, Velina Kachingwe anangotolapo mawu akuti galimoto. Mayiyu, wogulitsa tomato, wolera yekha ana atatu, anali ndi chotupa m'bere lakumanzere, cholimba ngati nzama youma. Kuchipatala chaching'ono anampatsa mankhwala opha ululu, namuuza kuti makina ounikira ali kutauni. Chikokolokere mlatho, kutauniko unali ulendo wapansi wa masiku awiri, ndipo galimoto yotha kuoloka mtsinje inali ya mbewa yokhayo. Velina ankaopa kufa ana ake asanakule.

Anapita kwa Wapampando nagwada.

"Bambo, ndili ndi chotupa m'bere. Galimoto ikamapita, sindingakwereko?"

"Mayi, galimoto imeneyi ndi ya odwala ovomerezeka," anatero a Kamtedza, akukonza tayi. "Inu muli ndi miyendo ingati?"

"Iwiri."

"Ndiye mwaona nokha pamene pali vuto."

Velina sanatsutse, chifukwa miyendoyo inalidi iwiri. M'mawa mwake anakalembetsa ugadiyani. Anthu ankakanganirana mbewa zomwa mafuta, pakuti supuni ikamaliza ntchito yake imafuna woinyambita. Velina yekha anapempha mbewa yodya gaga, poganiza kuti ndiyo ingadwale msanga. Anampatsa a Nambala 14, ndipo Wapampando anamuimiritsa pamsonkhano kuti amayi onse aone chitsanzo cha kudzichepetsa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Velina ankatulutsa a Nambala 14 m'kabokosi kawo ka waya n'kuwasisita pamimba ndi chala, kufufuza. Akatero ankadzigwiranso yekha. Chake chinkakula, cha bwanawo chisanayambe n'komwe. Mbewa za mafuta zinanenepa, ubweya uli nyezinyezi, ndipo magadiyani awonso anayamba kusalala masaya. Komiti inalemba kuti chitetezo cha m'thupi chakwera m'mudzi monse. A Nambala 14 nawonso, ngakhale ankadya gaga, anali athanzi mokwiyitsa. Velina, yemwe anali wa kwaya, anayamba kupemphera pemphero limene sakanalinena pamaso pa abusa.

Mwezi wachitatu pemphero linayankhidwa. Pansi pa mwendo wakutsogolo wa a Nambala 14 panatuluka kachotupa ngati njere ya mapira. Komiti inaimirira chete kwa mphindi imodzi. A Kamtedza anaimba foni, ndipo galimoto inafika dzuwa lisanafike pamutu, zimene zinali zisanachitikirepo mayi aliyense wodwala matenda a uchembere m'mudzimo.

Kutauni, nyumba younikira mbewa inagundizana mpanda ndi chipatala cha anthu. Dalaivala atapita kukamwa tiyi, Velina ananyamula kabokosi kaja nalowa pageti la anthu. Anaima pamzere maola anayi. Atafika kutsogolo, kalaliki sanadzutse n'komwe mutu.

"Kalata yokutumizani kuno?"

"Ndilibe, achimwene."

"Gadiyani?"

"Ndabwera ndekha."

"Makina adadzaza mpaka Okutobala. Wotsatira."

Velina anaika kabokosi patebulo kuti agwire pakhoma, ndipo khadi ya zidindo zitatu inagwera pamphuno penipeni pa kalaliki. Mnyamatayo anaiwerenga, naimirira mwaliwiro mpaka mpando unagwa. Pulojekitiyo ndi imene inkatengera ogwira ntchito pachipatalapo kumisonkhano ya kuhotela, ndipo panalibe wofuna kuti dzina lake lichoke pamndandanda.

"Awa ndi a Pulojekiti?" anafunsa monong'ona.

"Ee. Ndi a Nambala 14."

"Nanga inu ndinu ndani wawo?"

"Gadiyani."

Kalaliki anathamanga. Anabwera ndi mkulu wa anamwino, mayi wonenepa wa makiyi ambiri m'chiuno, amene anawerama kupereka moni kukabokosi. Kenaka anatulukira dokotala yemwe anthu apamzere anauzidwa kuti ali kumsonkhano, akupukuta mafuta kukamwa. Makiyi analira, chitseko cha makina odzaza mpaka Okutobala chinatseguka, ndipo m'katimo munalibe munthu.

"Bwanawa ayambe ndiwo," anatero dokotala.

"Awa awaunika anzanu kuseri kwa mpandaku," anayankha Velina. "Wodwala pano ndine."

Onse anayang'anizana. Mkulu wa anamwino anaganiza msanga: gadiyani wa Pulojekiti akagwa pakhomo pawo, lipoti lilembedwa, ndipo m'lipoti mumakhala mayina. Anamugoneka Velina pabedi la nsalu zochapa. Dokotala anaunika kawiri, nkhope yake inasintha, nati chotupacho chiyenera kuchotsedwa sabata yomweyo, apo ayi zikhala zina.

Velina analira, osadziwa ngati ndi mantha kapena chisangalalo. Mkulu wa anamwino anamufunditsa bulangete latsopano, naika kabokosi pampando wofewa pafupi ndi fani, kenaka anamutembenukira atakwiya zenizeni.

"Mayi inu, ndinu osasamala. Miyezi yonseyi mwangokhala nacho chinthu chimenechi osabwera? Mukanafa, bwanawa akanawasamala ndani?"