A Samsoni ndi Ndere Zawo

A Samsoni ndi aja anakumba dziwe losambiramo pakhomo pawo, mapazi makumi anayi kuchokera pomwe nyanja imathera. Iwo ankalitcha pisina, ndipo mudzi wonse wa Chiwanga unawabwezera dzinalo: Tiyu Pisina, kunena kuti Malume Pisina. Zaka khumi ndi ziwiri analimbana ndi madzi a m'menemo kuti ayere, ndipo zaka zonsezo madziwo anali obiriwira ngati msuzi wa chigwada.

Lamulungu lina, atavala kale buluku lakuda la ku tchalitchi, anakhala pachivindikiro cha ndowa ya kloro, ufa woyera uja wophera ndere, kuti amange nsapato. Chivindikirocho chinali ndi mame. Itakwana nthawi yowerenga mawu, a Samsoni ananyamuka mwaulemu kupita kutsogolo, kumbuyo kwa buluku kuli mawanga awiri oyera, lililonse kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Akwaya anatsamwa. Akazi awo, a Gilda, anayang'ana kudenga mpaka mapemphero kutha.

"Kloro wa ulendo uno ndiye weniweni," anatero a Samsoni panjira, akudzigwira kumbuyoko mokhutira. "Uja wa mwezi watha sakanatha zimenezi."

"Tsogolani, bambo a Celina, ine ndikuphimbeni," anayankha a Gilda.

Kuphimba amuna awo inali ntchito yomwe a Gilda anaitopera kalekale, koma pa nkhani ya ndere analibe pakamwa podandaulira. Chifukwa chake nachi.

A Samsoni anakhala ku Joni zaka makumi awiri ndi zisanu akutsuka maiwe a azungu. Pobwerako sanabweretse injini ya boti ngati anzawo. Anatsitsa pampu, burashi ya mpini wautali, kabokosi ka mabotolo oyezera madzi, ndi chovala chosambira chofiira cha akazi awo. A Gilda ankavutika mawondo, ndipo a Samsoni anali ataona dona wina wa kumeneko akuchira mawondo poyenda m'madzi m'mawa uliwonse. M'nyanja a Gilda sankalowamo. Iwo ndi a kumtunda, ku Maniamba, ndipo madzi opitirira m'kakolo sankawakhulupirira.

Atachitambasula chovala chija, anachitembenuza kufuna mbali yotsala. Panalibe.

"Kansalu aka nkosakwana ngakhale kusefera tiyi," anatero.

"Ku Joni agogo amavala."

"Ku Joni kulibe a Zuleika."

A Zuleika ndi a khomo loyandikana nalo. Mpanda wapakati ndi wabango, ndipo zimene diso lawo laona pabowo m'mawa, masana zimakhala zafika pa matandala onse oyanikira usipa. Pofuna kuthawa, a Gilda anaika lamulo: adzalowa tsiku lomwe adzaone pansi pa dziwelo ali pakhonde. A Samsoni anatenga sipuni, naiponya mbali yakuya, nati pangano latheka.

Sabata yoyamba yomwe, madzi anayera mbee. A Gilda ali pakhonde anaiona sipuni ija, ndi maluwa a pachigwiriro pake omwe. Koma mwana wa mlimi amadziwa chimene chimabiriwitsa zinthu. A Samsoni atapita kukameta, a Gilda anatapa feteleza wa chimanga dzanja limodzi, nawaza. Patatha masiku atatu sipuni inasowa.

Ankati achita kamodzi kokha. Zinatha zaka khumi ndi ziwiri.

M'mawa uliwonse a Samsoni ankagwada m'mphepete mwa dziwe, kutunga madzi m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala madontho asanu, nkukweza kabotoloko kudzuwa ngati padiri akukweza chikho. Madzi akafiira kwambiri ankati pe-aga, muyeso wa kuwawasa kwa madzi, wakwera, ndiye kuti kloro achita ulesi, nathiramo asidi. Akachita chikasu ankati pe-aga wagwa, nathiramo soda. A Gilda pe-agayo sanamuonepo ndi maso, koma anakhala naye m'nyumba ngati mlamu wosachoka.

Oimbidwa mlandu anali ambiri. Loyamba linali dzuwa, lomwe a Samsoni ankati limadya kloro asanagwire ntchito, choncho anayamba kuthira litapendeka. Kenako mtengo wa mango, womwe unadulidwa nthambi zitatu zobereka bwino chifukwa cha masamba. Kenako mwera, pouluzira fumbi la usipa m'madzi. Nkhungu, tintchentche todyedwa tija, zikatuluka m'nyanja ngati utsi, anthu akuthamanga ndi madengu kukakola ndiwo, a Samsoni ankathamanga ndi lona kukafunditsa pisina. Atamaliza onsewo anafika pa abakha a Zuleika.

"Mama, abakha anu akusamba mwanga."

"Abakha anga ndi aukhondo, tiyu," anayankha a Zuleika kuseri kwa mpanda. "M'menemo sangalowe."

A Rachide, msodzi amene ankadutsa pamenepo ndi nkhafi paphewa, anaima tsiku lina nasuzumira.

"Madzi abwino awa. Ikanimo tiana ta chambo, pofika Khirisimasi mudya."

"Ino ndi pisina, si damu."

"Nanga amasambamo ndani?"

"Akazi anga. Akukonzeka."

A Gilda anamva ali m'khitchini, nalimbikira kupala mamba a nsomba yomwe inali yopala kale.

Kloro ankachokera ku Lichinga pa shapa, minibasi ya kuno, ndipo makondakitala ankakana kumuika pafupi ndi matumba a ufa. Magetsi akathima masiku awiri pampu inkaima, ndere nkuchita phwando. Mvula ikagwa, chimodzimodzi. Choncho nthawi zambiri a Gilda sankafunika kuchitapo kanthu. Dziko linkawathandiza lokha. Koma kawiri kapena katatu pachaka nkhalambayo inkapambana. Ankakwecha makoma mpaka mapewa kuwawa, kuthira kloro wochuluka, kuyendetsa pampu osaizimitsa, kutsuka mchenga wa m'sefa. Madzi ankachoka pobiriwira nkukhala ngati mkaka wosungunula, kenako sipuni inkayamba kuoneka ngati chinthu cha m'maloto.

"Mawa, mayi a Celina," ankatero, akupukuta manja. "Mawa muiona."

Ndipo a Gilda ankapita kuthumba la feteleza, mawondo akulira, akudziuza kuti aka nkomaliza. Anatopa ndi fungo la kloro m'mabulangete. Anatopa ndi matawulo oyera mawangamawanga. Koposa zonse anatopa ndi nkhope ya amuna awo m'mawa wa tsiku lachitatu, ataima ndi burashi, akuyang'ana kubiriwira kukubwerera kuchokera m'makona. Akanangonena kuti chovalacho sadzavala. Koma chaka choyamba anachita manyazi kunena, ndipo chaka chachisanu kunena kukanatanthauza kuulula zaka zinayi.

Chaka chatha, nthawi ya mwera, chifuwa chinawagoneka a Samsoni. Kuchipatala anawabweza ndi mapiritsi ndi mawu ochepa. Anapempha kuti bedi aliike pawindo loyang'ana dziwe, lomwe tsopano linali ndi achule. Masana ena a Gilda akuwamwetsa phala, a Samsoni anakankha sipuni pang'ono.

"Mayi a Celina, feteleza uja chaka chino mukathire ku chimanga. Chaka chatha munda unaoneka wanjala."

A Gilda anaika mbale pansi.

"Munadziwa liti?"

"Chaka chachiwiri. Timibulu tina sitisungunuka msanga. Ndinatipeza m'sefa."

"Osanena?"

"Ndikananena mukanalowa?"

"Ayi."

"Ndiye ndikanakhala ndi madzi oyera opanda wolowamo. Bola obiriwira, munthu umadzuka ndi chochita." Anatsokomola nthawi yaitali. "Komanso mumachulutsa. Theka la dzanja likanakwana."

A Gilda anafuna kukalipa, anafuna kupepesa. Anangotola mbale nati phala likuzizira. Patatha masabata awiri tinawaika a Samsoni kuseri kwa tchalitchi, atavala buluku lina.

Chichokereni iwo, m'mawa ku Chiwanga mwachita zii. Kale pampu ikayamba kulira, amayi a usipa ankadziwa kuti yakwana sikisi koloko ndiponso kuti magetsi alipo. Makondakitala a shapa akusowa wokangana naye. Nkhungu zikatuluka, anthu amayang'anabe kukhomo kuja, kudikira nkhalamba yothamanga ndi lona.

Mwana wawo Celina, asanabwerere ku Nampula, anati dziwelo likwiriridwe adzalemo tomato. A Gilda anati aganiza. Alendo onse atabalalika, anatulutsa kabokosi kaja. Zaka khumi ndi ziwiri zomvera pe-aga sizinapite pachabe: zonse ankazidziwa pamtima. Anavuula achule ndi dengu. Anakwecha makoma atakhala pampando, chifukwa mawondo sankalola kuima. Anadontheza madontho asanu, madzi nafiira, iwo nathira asidi pang'ono. Dzuwa litapendeka anathira kloro, nasiya pampu ikulira. Tsiku lachinayi madzi anachita mkaka. Tsiku lachisanu ndi chiwiri magetsi anathima, ndipo a Gilda anatukwana mawu amene amayi a ku tchalitchi sayenera kuwadziwa. Tsiku lakhumi, ali pakhonde ndi kapu ya tiyi, anaona sipuni.

Inali itachita dzimbiri, koma inali pomwepo.

Chovala chofiira chija chinali pansi pa sutikesi, mphira wake utafa kale. Anachivala chomwecho, namanga chitenje pamwamba, pakuti pangano silinatchule za chitenje. Anatsika masitepe atagwira khoma ndi manja awiri. Madzi anali ozizira kuposa mmene ankaganizira. Anayenda pang'onopang'ono kulowera mbali yakuya, akuona zala za kumapazi kwawo, mawondo akupepuka ngati si awo, mpaka anaponda sipuni ija. Anaima pamenepo, osadziwa kuti tsopano munthu amatani.

Bango la mpanda linagwedera. Pabowo panaoneka diso, kenako mutu wonse wa a Zuleika unatulukira pamwamba. Anawayang'ana a Gilda kuyambira kumutu mpaka pomwe madzi analekeza.

"Mayi inu," anatero a Zuleika, "munamuzunza munthu zaka zonsezi chifukwa cha madzi olekeza m'chiuno?"