Ufa Wonenepetsa wa kwa Dona

Lolemba, 3 Okutobala 1955

Ndili ndi masiku asanu okha.

Dzulo ndinali kwa Esinati, kuseri kwa Chinakanaka, kukaonekera kwa abale ake. Atsibweni ake, a Khoviwa, nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mikono. "Ukalaliki ndi wabwino, bambo, koma pensulo sizula chitsa." Pamalo pamene ndiyenera kumanga nyumba yathu pali chitsa cha muwanga. Loweruka ndikachizule, abale onse akuona. Ndikalephera, akuti za ukwati akaziganizanso.

Ine ntchito yanga pa esiteti pano n'kuyeza tiyi pa sikelo ndi kulemba. Chinthu cholemera chimene ndanyamulapo chaka chino ndi buku la maina.

Mwayi! A Muhiwa, akhukhi a kwa Bwana, andipatsa chitini chimene Dona wataya. Ufa wonenepetsa, wochokera ku Mangalande. Pachitinipo ajambula mzungu wa mikono ngati mitondo. Kunsi kwake adinda kuti munthu asadye ikapitirira Juni 1950. Zaka zisanu zapitapo. Koma ufa ndi chinthu chouma. Mchere umakalamba? Azungu amalemba deti paliponse, ndi pa mazira pomwe.

Zoti ndizichita:
masupuni awiri m'mawa, awiri madzulo
kunyamula mwala wa pakhomo kakhumi
kudzikoleka pa mbedza ya sikelo anthu akachoka

Lero sikelo ikuti mapaundi 114.

Lachiwiri, 4 Okutobala

Chivundikiro chachita dzimbiri. Ndikutsegula ndi chikwanje.

M'katimo si ufa. Ndi mwala umodzi wachikasu, m'mbali mwake muli timadontho tobiriwira. Tobiriwirato ndapala. Fungo lake ngati thumba lonyowa limene mbuzi yagonapo.

Ndabwereka mtondo kwa mayi Nampinga, a nyumba yoyandikana nayo kulaini kuno. Anunkhiza kamodzi. "Mukatha mutsuke ndi phulusa, kawiri."

Mu tiyi susungunuka. Ukuyandama timibulu timibulu, kundiyang'ana. Kukamwa ukuyamba ngati sopo, kenako choko, kenako chinthu china chimene dzina lake sindilidziwa. Mankhwala okoma sachiritsa. Ndameza.

Mwala wa pakhomo ndanyamula kanayi. Kachisanu wandigwera pafupi ndi chala.

Sikelo: 114. Tsiku limodzi siliweruza.

Lachitatu, 5 Okutobala

M'mimba mwayamba kulankhula.

Mu ofesi, ndikuwerengera Bwana maina a ojomba, m'mimba gududu! Bwana akudzuka, akupita pa windo kukayang'ana ku phiri. "Mvula yoyamba?" Kumwamba kuli mbee. Ine: "Mwina, Bwana." Watuma uthenga ku fakitale kuti aphimbe nkhuni.

Masana ndafunsa a Muhiwa. Akuti, "Ndi mphamvu imeneyo, achimwene, ikufuna pokhala." Ndiye ndawonjezera. Masupuni anayi m'mawa, anayi madzulo.

Nyenyeswa zina zagwera pansi pakhonde. Nkhuku ya mayi Nampinga yabwera mothamanga, yayang'ana ndi diso lamanja, yayang'ana ndi lamanzere, yabwerera. Nyerere nazo zikulambalala. Nkhuku ilibe chitsa choti izule Loweruka.

Sikelo: 113. Iyenera kuti yafooka ndi dzuwa.

Lachinayi, 6 Okutobala

Kuchokera pa shedi ya sikelo kukafika kuchimbudzi ndi mapazi 212. Ndawerenga bwino. Ndayendapo kasanu ndi kawiri, kawiri komaliza mothamanga.

Amayi othyola tiyi ali pamzere, madengu pamutu, dzuwa lili pa liwombo, kalaliki palibe. Ndikabwera ndikuyeza madengu atatu, ndikuikanso pensulo pansi. Pofika masana apeka kale nyimbo. Yachilomwe, kuti ndisamve, koma agogo anga anali a ku Manguru, ndikumva zonse. Ikunena za mpheta imene inameza mwala wa mphero. Mawu ake ndi oipa, koma imayimbika bwino.

Kapitawo watenga buku. "Pitani, a Kalaliki, musatiyezere zina."

Supuni yoyamba yamadzulo ndaitenga, ndaiyang'ana, ndamwa theka. Munthu akayamba chinthu azimaliza.

Mwala sindinaukhudze. Sikelo: 110. Manja akukana kugwira mbedza.

Lachisanu, 7 Okutobala

Ku dispensale ya esiteti, chitini chili m'khwapa.

Adokotala achitembenuza, awerenga kunsi, avula magalasi. "Inu si amene mumawerengera anthu makalata kulaini? Ndiye mwawerenga chithunzi, zilembo mwasiya?" Aitana anzawo awiri kuti adzanunkhize. Mmodzi wapempha kuti chikhale panja.

Andipatsa:
mankhwala oyera a m'botolo
lamulo loti ndizimwa phala lokha ndi madzi owiritsa
lamulo lina loti ndisagwire ntchito yolemetsa masiku atatu

Masiku atatu! Mawa ndi Loweruka!

Pobwerera ndakumana ndi a Muhiwa. Lero ndiye akuulula. Dona anawauza kuti akakwirire kudzala, mozama, kuti galu asafukule. Iwo anaona chitini chili chabwino, choti n'kusungiramo fodya, koma zam'katimo zinawakanika kukokota. "Mwatha? Munditsukire bwino, achimwene."

Ndawapatsa chomwecho, chosatsuka.

Pa sikelo sindinapite.

Loweruka, 8 Okutobala

Ulendo wa ola limodzi ndauyenda maola atatu. Tchire lililonse la m'njiramo tsopano ndikulidziwa.

Ndapeza akhala kale pansi pa mango: a Khoviwa, amayi ake a Esinati, azakhali awiri, ndi anthu ena ongobwera kudzaona. Nkhwangwa ndi khasu aziika pa chitsa, mwaulemu.

Ndikuvula jekete. Zikanakhala bwino ndikanapanda kuvula.

Kutema koyamba, nkhwangwa yadumpha. Kachiwiri, yalowa pang'ono n'kukana kutuluka. Ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse, ndipo m'mimba mwayankha, momveka, mpaka pansi pa mango. Azakhali amodzi aphimba kukamwa ndi nsalu. Ine ndapempha njira ya ku nthochi.

Pobwerako ndapeza Esinati wamanga nsalu m'chiuno, akukumba m'mbali mwa chitsa, amayi ake akudula mizu. Ndayesa kulanda khasu. Esinati osandiyang'ana: "Khalani pansi musanagwere m'dzenjemu, tingakukwirireni pamodzi."

Ndakhala. Andipatsa mwana wa azakhali kuti ndimugwire. Nayenso ngolemera.

Chitsa chazuka dzuwa litapendeka. Anthu aomba m'manja, sindikudziwa kuti akuombera yani. A Khoviwa andifunsa chimene ndinadya. Ndafotokoza zonse, ndi za deti zomwe. Iwo akuti: "Kalongonda timamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuwiritsanso, poopa kufa. Inu mwala wa m'chitini mwangomeza?" Za ukwati sananenepo kanthu.

Pobwerera andikweza pa njinga ya munthu wogulitsa makaka.

Lamulungu, 9 Okutobala

Belu la kutchalitchi likulira. Ine ndili pa mphasa. Mabenchi a kumeneko ali kutali ndi khomo.

Masana Esinati wabwera ndi azakhali ake, atanyamula phala m'kambale. Azakhali akhala pakhonde, nsana atandilozetsa, mapewa akugwedera.

Uthenga wa a Khoviwa ndi uwu. Munthu amene wabwera akudwala chonchija, n'kugwirabe nkhwangwa, ndiye kuti mkaziyo akumufunadi, kapena mutu wake sukoka, iwo sanadziwebe. Ukwati saukana. Udikire anthu akolole. Pakadali pano Loweruka lililonse ndizipita kukalima, ndizidya zimene iwo akudya.

Ndafunsa Esinati ngati wachita nane manyazi. "Kwambiri," akutero, akundipatsa supuni. "Kumunda kwa amayi kuli zitsa zina zinayi."

Chabwino. Phala ndamwa theka, ndipo mpaka pano lakhala.