A January, Munthu Wokangana ndi Wailesi

Pa Lirangwe tinali ndi munthu wokangana ndi wailesi, ndipo wailesiyo sinawagonjetsepo ngakhale tsiku limodzi. Dzina lawo a January, okonza njinga. Ine ndine telala, makina anga ankakhala pakhonde loyandikana ndi lawo, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva kwa ena ayi. Khutu langa lakumanzere linagonthera pomwepo.

Wailesiyo inali ija yozungulira ngati sefuliya. Anaigula atagwirako ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka, Chitaganya chitangoyamba kumene, ndipo pamsika ponse inalipo yokhayo. Loweruka lililonse masana kunkabwera sewero lochokera ku Lusaka, la chinjoka cha m'phiri chimene chinameza mvula ya dziko lonse, ndi mtsikana wamasiye amene ananyamuka kukachilavulitsa. Nthawi ikakwana, njinga ya munthu inkasiyidwa chagada, ngakhale mwiniwake akhale kuti akuthamangira kumaliro.

"A January, nanga tayala langa?"

"Tayala silithawa. Khalani pansi mumve zopusa."

Zopusazo ndiye sanaziphonyepo. Khonde linkadzaza, ena n'kukhala m'ngalande, koma kunena zoona theka la anthu linkabwera kudzamvera a January, osati sewero.

Chinjoka chikayankhula, ankatseka maso n'kugwedeza mutu. "Eya! Uyu yekha ndiye akudziwa ntchito. Mawuwo akuchokera m'mimba, osati m'mphuno." Bingu likagunda, ankaloza wailesi ndi sipanala. "Limenelo ndi lata akuligwedeza, musaope. Komabe akuligwedeza mwaulemu." Mtsikana uja akayamba kuimba nyimbo yolira mayi ake, a January ankayang'ana kumbali n'kumati utsi wa mandasi ukuwalowa m'maso.

Koma pa zolakwika analibe chifundo. Mtsikanayo anatha Maloweruka angapo ali pagombe la mtsinje umodzi, kusinkhasinkha zowoloka.

"Mtsinje wanji umenewu? Agogo anga anachoka ku Mozambique wapansi, mwana kumsana, mphika pamutu, sanachedwe chonchi! Woloka, mwana iwe, batire likutha!"

Ndiye panali mwana wa mfumu amene ankangotsatira mtsikanayo n'kumalankhula zachikondi pamene dziko likuuma.

"Mayi a Chisoni," anaitana akazi awo, a Getrude, "ine pokufunsirani ndinalankhula zambiri chonchi?"

"Inu munangofunsa ngati kwathu kuli pampu ya njinga."

"Mwamva? Chikondi chokhala ndi mutu."

Chimene chinawapsetsa mtima koposa ndi mizimu. M'sewerolo mizimu ya makolo inkatulukira kwa mtsikanayo, koma m'malo momuuza njira ya kuphiri, inkayamba kumulangiza za kuunda milambala m'munda, nkhani yomwe ija alangizi a boma ankatilipiritsira milandu. A January anadumpha pampando.

"Mzimu wanji wodziwa za milambala? Unamwalira uli mlangizi? Mzimu weniweni umapempha mowa wa mapira, umadandaula kuti manda ake amera tchire! Uwu ndi kalaliki wovala nsanza!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Woseka kwambiri anali Dyton, mnyamata wogula ndi kugulitsa mbuzi, amene ankafika woyamba kuti apeze malo pafupi ndi wailesi. Dzina limeneli muligwire.

Kenaka chinafika chaka choipa chija, anthu akugwidwa n'kutayidwa kundende, aliyense akuyang'ana mnzake ndi diso lofiira. Panabuka dzina loti kapirikoni, kutanthauza kazitape wa Chitaganya, ndipo likakumatirira silinkachoka ndi sopo. Dyton anali atayamba kulankhula m'misonkhano, ndipo munthu wongoyamba kulankhula amafuna mdani woti amuloze chala. Azungu anali ndi mfuti. A January anali ndi sipanala.

Loweruka lina sewero linathera poti mtsikana walowa m'kamwa mwa chinjoka, chipanda chopanda kanthu chili m'manja, ndipo woulutsa ananena kuti mathero ake ndi Loweruka lotsatira. Sabata yonse a January sanamange sipoko yowongoka.

"Muona, aliwononga. Ndikuwadziwa anthu amenewa, aliwononga basi," ankatero, maso akuwala ngati mwana woyembekezera Khirisimasi.

Lachisanu ine ndinapita ku Limbe kukagula ulusi. Pobwera ndinapeza a Getrude akusesa zidutswa za wailesi, ndipo ndi iwo anandiuza mmene zinayendera. Dyton anabwera dzuwa lili pamutu ndi gulu la anzake.

"Madala, chinthu chanuchi chimalankhula mawu a Chitaganya. Ndipo tamva kuti chimamvanso zimene timanena pano."

"Chikanakhala chimamva, mwana wanga, bwenzi seweroli atalikonza kalekale."

"Munagwira ntchito kwa azungu ku Chileka. Ndiponso ndinu obwera, dziko lino simulimvera chisoni."

"Ine ndinabadwira kuseri kwa sitesheniku, iwe usanalotedwe. Chabwino, iphwanyeni. Koma iphwanyeni Lamulungu. Ndapota nanu, mundisiyire mawa lokha."

Anaiphwanya pomwepo, ndi hamala yawo yomwe. Anthu onse aja ankadzaza khonde analipo, ndipo aliyense anapeza chinthu chochititsa chidwi pazala za kumapazi kwake. Munthu amene ankatukwana mabodza a m'wailesiyo mokweza kuposa tonsefe, pamaso pa msika wonse, ndiye anasanduka kapirikoni. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira.

Njinga zinayamba kupita kwa wokonza wina wosadziwa ngakhale kumata chubu. A January za njingazo sanadandaule. Chinawadya ndi mathero aja. Sitima ikaima pa Lirangwe ankayenda m'mbali mwa mawindo, chipewa m'manja.

"Pepani achimwene, mwachokera kutauni? Mtsikana uja anatuluka m'chinjoka?"

Ambiri ankawayesa amisala. Ena, pomva chisoni, ankangopeka.

"Anatuluka, bambo. Anachibaya ndi mkondo, mvula n'kugwa."

"Mkondo anautenga kuti? Analowa ndi chipanda! Bodza lanu lilibe miyendo. Pitani bwino."

Ine ndinayesapo bodza langa, nditalisoka bwinobwino. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundiyang'ana mwachifundo. "Poyambira mwayesetsa, a telala. Koma mvula mwaigwetsa msanga. Bwererani kumabatani."

Pang'onopang'ono anasiya kupita kusitesheni. Ankangokhala pakhonde, Loweruka masana n'kutembenuzira mpando kushelefu yopanda kanthu. Anamwalira m'dzinja, Chitaganya chitatsala pang'ono kugwa, ndipo pamaliro panadzaza anthu omwe aja anaiwala njira ya kukhonde lawo. Dyton, amene tsopano ankavala jekete, analankhula kumanda kuti tataya munthu wanthabwala.

Pobwerera, tikusamba m'manja pakhomo pa siwa, wina anati, "Koma a January apita osamva mathero a chinjoka chija." Dyton anaseka, akukutumula madzi m'manja.

"Ine ndinamvatu. Loweruka lomwelo ndinapalasa njinga mpaka ku Chileka. Alamu anga anali kuki kwa mzungu, ndiye tinamvera kukhitchini."

A Getrude, amene anakhala pamphasa chapafupi, anadzutsa mutu.

"A Dyton, munkadutsa pakhonde paja tsiku ndi tsiku, bambo a Chisoni akufunsa alendo a m'sitima. Osawanong'oneza?"

"Mayi, nthawi zake zinali zovuta. Anthu akanati ine ndinazimva kuti?"

"Chabwino. Ndiuzeni ine, ndikawauze pamanda mawa. Mtsikana uja anatuluka?"

Dyton anakanda mutu, n'kuyang'ana kumwamba.

"Aa, ndinaiwala, mayi. Kaya anatuluka, kaya. Si zinali zachibwana zomwe zija?"

A Getrude sanalire. Anangofunda chitenje kumutu n'kulowa m'nyumba.

Masiku ano pakhonde la a January pamagulitsidwa makala, ndipo khutu langa logontha lija silikusowanso kanthu. Wailesi pamsika ilipo ina, yatsopano, yonyezimira. Loweruka masana anthu amadzaza khonde la mwini wake, n'kumameza chilichonse chimene yanena, chabwino ndi chopusa chomwe, popanda wotsegula pakamwa. Ine sindipitako. Wailesiyo ndi ya Dyton.